Mmene mungapezere nambala ya msonkho ya majuzi a masewera ochokera kunja

Wamalonda amene amabweretsa majuzi a masewera ku Lilongwe, kaya kudzera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, pa Dedza kuchokera ku Johannesburg, kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu, ayenera kudziwa nambala ya katundu wake asanapite kukamuwombola, chifukwa ndi nambala imeneyi imene a Malawi Revenue Authority (MRA) amawerengera msonkho. Manambalawa amachokera mu dongosolo la Harmonized System, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la World Customs Organization la ku Brussels ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1988. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana m'mayiko onse otsatira dongosololi, pamene owonjezera kumapeto dziko lililonse limaika lokha.

Mawu akuti chovala ndi cha masewera, ngakhale atalembedwa pa inivoisi kapena pa katoni, sasankha nambala. Mutu 95 wa dongosololi, umene uli ndi mipira ndi zida zina za masewera, umanena momveka kuti zovala zansalu za masewera sizilowa mmenemo, koma zimapita ku Mutu 61 kapena 62. Choncho yambani ndi nsalu. Tengani juziyo, muikoke pang'ono ndi zala ziwiri pamalo owala, ndipo muyang'ane ulusi wake. Ngati mukuona timizere ta ulusi wokolana ngati tcheni, ndipo nsaluyo ikutamuka n'kubwerera, ndi yoluka ndipo ili mu Mutu 61. Ngati ulusi wina ukuyenda chotsika, wina chopingasa, ndi yowomba ndipo ili mu Mutu 62. Musadalire kutamuka kokha, pakuti nsalu yowomba yokhala ndi lasitiki imatamukanso.

Mukatsimikiza kuti ndi yoluka, onani kasokedwe kake, ndipo apa ndi pamene mikangano yambiri imayambira. Juzi yovala chodzera kumutu, yamanja aatali, yokhala ndi mkombero wothina m'chiuno ndi m'manja, malo ake ndi 61.10, pamodzi ndi majuzi otsegula kutsogolo ndi zina zofanana nazo. Manambala oyandikana nawo amene amasokoneza anthu ndi 61.09 ya matisheti, komanso 61.05 ndi 61.06 za malaya aamuna ndi aakazi. Malamulo a Mutu 61 amathandiza kulekanitsa. Chovala chokhala ndi chingwe chomangira, mkombero wothina kapena njira ina yothinitsira m'munsi sichingakhale tisheti ya 61.09. Chimodzimodzinso sichingakhale malaya a 61.05 kapena 61.06 ngati chili ndi matumba pansi pa chiuno, mkombero wothina m'munsi, kapena ngati maluko ake ndi ochepera 10 pa sentimita imodzi mbali zonse ziwiri, powerenga pa chigawo chosachepera masentimita 10 m'litali ndi m'lifupi. Kuwerenga kumeneku n'kotopetsa maso, koma rula ndi galasi lokulitsira zinthu zimakwanira. Juzi ya kolala ndi zipi yaifupi pakhosi, ya mtundu umene osewera mpira amavala pokonzekera masewera pa Bingu National Stadium m'miyezi yozizira ya June ndi July, ikakhala ndi mkombero wothina m'chiuno imachoka pa malaya n'kugwera pa 61.10.

Juzi ikabwera pamodzi ndi thalauza lake ngati thirakisuti, zinthu zimasintha, chifukwa zovala ziwirizo zimalowa pa 61.12 ngati chinthu chimodzi: 6112.11 ikakhala ya thonje, 6112.12 ikakhala ya ulusi wonga polyester. Koma kungoika juzi ndi kabudula kapena thalauza wamba m'pulasitiki imodzi sikupanga thirakisuti, ndipo chilichonse chimatenga nambala yake. Chovala cholemera chotchinjiriza mphepo, chovala pamwamba pa zovala zina, chimayang'aniridwa pa 61.01 kapena 61.02, pamene cha khanda losapitirira masentimita 86 kutalika chimapita pa 61.11.

Chotsala ndi ulusi umene anapangira juziyo. Pansi pa 61.10, ya ubweya wa nkhosa ndi 6110.11, ya thonje ndi 6110.20, ya ulusi wopangidwa m'fakitale monga polyester, nayiloni kapena acrylic ndi 6110.30, ndipo ya ulusi wina wosakhala ubweya wa nyama ndi 6110.90. Majuzi ambiri a masewera ndi osakaniza, ndipo lamulo ndi lakuti ulusi wolemera kuposa unzake ndiwo umapambana. Juzi ya thonje 60 peresenti ndi polyester 40 peresenti ndi 6110.20. Koma ya thonje 45, polyester 30 ndi acrylic 25 ndi 6110.30, ngakhale thonje likuoneka lochuluka pa lebulo, chifukwa polyester ndi acrylic zimawerengedwa pamodzi n'kukwana 55. Zikafanana ndendende, theka thonje theka polyester, imatengedwa nambala yomalizira pa mndandanda, imene ndi 6110.30. Malebulo ena, makamaka a katundu wotchipa wogulidwa mopikula, sanena zoona, choncho ndi nzeru kupempha wogulitsa kuti alembe kasakanizidwe ka ulusi pa inivoisi, mtundu uliwonse pa mzere wake.

Amene amagulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka adziwe kuti nambala ya zovala zovalidwa kale ndi 63.09, koma imafuna zinthu ziwiri pamodzi: zovalazo zioneke kuti zinavalidwadi, ndipo zibwere m'mabelo, m'matumba kapena mosapakira chimodzichimodzi. Majuzi atsopano otsala m'masitolo akunja, ngakhale atapanikizidwa mu belo, amakhalabe pa 61.10.

Pomupatsa mapepala ajenti wowombola katundu, amene adzalowetse zonse mu ASYCUDA World, dongosolo la pakompyuta la kasitomu, musalembe kuti "zovala zosiyanasiyana". Lembani kuti ndi majuzi oluka, ovala chodzera kumutu, a polyester 100 peresenti, ndipo mutchule chiwerengero chake ndi dziko limene anapangidwira. Dzikolo ndi lofunika chifukwa katundu wopangidwa m'mayiko a SADC kapena COMESA angathe kulipira msonkho wotsika ngati ali ndi satifiketi yotsimikizira kumene anapangidwira, pamene juzi yopangidwa ku China siisanduka ya ku South Africa chifukwa choti munaigula ku Johannesburg. Ngati mtundu wina ukukukayikitsani, tengani juzi imodzi yachitsanzo mukaionetse ku ofesi ya kasitomu ya MRA musanaitanitse katundu yense, ndipo mufunsenso mlingo wa msonkho umene ukugwira ntchito chaka chimenecho, popeza umatha kusintha ndi bajeti ya boma.