Ogwira ntchito pachigayo, tetezani makutu asanagonthe

Mukafunsa mnyamata amene wagwira ntchito pachigayo kwa zaka zingapo ngati phokoso likumusowetsa mtendere, amayankha kuti "ndinazolowera." Eni zigayo, yankho limeneli lisamakusangalatseni. Khutu silizolowera phokoso. Chimene chimachitika n'chakuti ubongo umaleka kulabadira mkokomo umene sukusintha, koma m'kati mwa khutu zinthu zikuwonongekabe.

Phokoso likalowa m'khutu limagwedeza kanembanemba kopyapyala, ndipo kugwedezekako kumadutsa pa timafupa titatu, tochepetsetsa m'thupi lonse la munthu, n'kukafika pa kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono komwe muli madzi. Mmenemo muli timaselo ta tsitsi pafupifupi 16,000. Madzi aja akagavira, titsitsi timawerama n'kutumiza uthenga kudzera mu mtsempha kupita ku ubongo, ndipo ubongowo ndi umene umazindikira kuti ili ndi liwu la mwana, uyu ndi lamba amene akufuna kuduka. Titsitsi timeneti tili ngati udzu: mukaupondapo kamodzi umadzukanso, koma mukamadutsapo tsiku ndi tsiku pamasanduka njira. Kwa munthu, timene tafa sitimeranso.

Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Kucheza wamba kumakhala cha m'ma 60. Likafika 85, munthu sayenera kukhalamo kupitirira maola 8 patsiku, ndipo likakwera ndi madesibelo atatu okha nthawiyo imatsika ndi theka. Pa 100 ndi mphindi 15 basi. Mulibe makina oyezera? Imani motalikirana ndi mnzanu kutalika kwa mkono. Ngati mukuchita kukuwa kuti mumvane, phokoso lapyola muyezo, ndipo pafupi ndi chigayo chimene chikugaya mgaiwa ndi mmene zimakhalira kawirikawiri.

Vuto limayamba mobisika. Amayamba kuthawa ndi mamvekedwe opyapyala monga "s" ndi "f", koma ubongo umakwaniritsa mipatayo mongoganizira. Munthu amamva bwino akamacheza awiri, koma pamsika kapena pamaliro amangomva kuti anthu akulankhula osatolapo kanthu. Ena m'makutu mumalira usiku. Kulirako sikuchokera panja ayi. Ndi ubongo umene ukudzipangira phokoso posowa uthenga umene unkaulandira.

Tsono gulirani antchito anu zotsekera m'makutu, zasiponji kapena zovala kumutu zophimba khutu lonse. Zimapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira. Zasiponjizo muzizifinya ndi zala zoyera, osati zaufa, kukokera khutu m'mwamba ndi kumbuyo, kulowetsa, n'kugwirizira mpaka zitafufuma. Thonje limene ambiri amatsekera limangonamiza mtima, phokoso limadutsa ndithu. Ngati antchito ali awiri, azisinthana: wina pamakina, wina panja polandira ndalama ndi kuyeza chimanga. Mangani maboti olekera, sinthani mabelingi akatha, thirani girisi, chifukwa chigayo chosasamalidwa chimasokosa kuposa mmene chiyenera.

Amayi obereka ana kumbuyo asamalowe nawo m'chigayo. Asiyire wina mwanayo pamthunzi, patali ndi khomo.

Amene akumva kulira m'makutu, kapena amene kunyumba akumudandaula kuti wailesi amaikweza kwambiri, apite kuchipatala akapemphe kuyezedwa makutu. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chili ndi gawo loyeza kamvedwe, ndipo achipatala cha m'dera lanu akhoza kukulemberani kalata yopitira kumeneko.