Momwe mungajambulire mbalame za kugombe kunja kukachita mitambo

Ambiri kukachita mitambo amabwezera kamera m'chikwama n'kumadikira dzuwa. Komatu kwa mbalame za m'mbali mwa nyanja, tsiku lotero ndiye labwino. Dzuwa likamaswa mtengo, kakowa amangoyera mbee pachithunzi, nthenga osaoneka; kukakhala mitambo nthenga iliyonse imaoneka bwino. Komanso timbalame tochokera ku Ulaya ndi ku Asia, monga common sandpiper ndi greenshank, timapezeka kuno cha mu Seputembala mpaka Epulo, ndipo yambiri mwa miyezi imeneyi ndi ya dzinja.

Yambani ndi kusankha malo. Mchenga wosesedwa wa patsogolo pa malo ogona alendo ulibe chakudya cha mbalame. Pitani pomwe kamtsinje kakuthira m'nyanja, pamatope. Ku Senga Bay, ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, kapena ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa, yomwe ili m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, simungabwere chimanjamanja. Padoko pomwe asodzi akutsitsa nsomba mbalame zinazolowera anthu, ndiye sizithawira kutali. Koma perekani kaye moni kwa eni doko.

Musanayandikire, konzani kamera. Vuto la mitambo ndi limodzi: kuwala kumachepa, pomwe timbalameti sitikhazikika. Tsekulani lenzi mpaka pothera, kaya ndi f/5.6 kapena f/6.3. Shutter speed, nthawi yomwe kamera imalola kuwala kulowa, ikhale 1/1000 ya sekondi kambalame kakamathamanga, 1/500 kakaima. ISO, yomwe imawalitsa chithunzi koma n'kubweretsa timadontho, ikwezeni popanda mantha, 1600 ngakhale 3200. Chithunzi cha timadontho chimakonzeka pakompyuta, koma chogwedezeka ndi chotaya basi.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa. Kamera ikaona madzi otuwa ndi thambo loyera imaganiza kuti kwawala kwambiri, n'kudetsa chithunzi chonse, mbalame n'kusanduka mthunzi. Wonjezerani exposure compensation, yowalitsira kapena kudetsera chithunzi, kufika pa +1, jambulani kamodzi, muyang'ane. Nthenga zoyera zikafufutika, bwezani pang'ono. White balance, yokonzera mitundu ya pachithunzi, ikani pa Cloudy kuti mchenga usaoneke wobiriwira mozizira, ndipo ngati kamera yanu ili ndi RAW, mtundu wa fayilo yosavuta kukonza pakompyuta, jambulani ndi imeneyo.

Tsopano gonani chafufumimba. Inde, pamchenga wonyowa womwewo. Yalani thumba la feteleza ngati mukudandaula malaya. Mukajambula choimirira, kumbuyo kwa mbalame kumakhala mchenga wokhawokha, zitsotso ndi mabotolo. Lenzi ikafika pa msinkhu wa diso la mbalame, zakumbuyo zimasungunuka, mbalame n'kutsala yokha. Tsamirani zigongono pansi, ikani focus yotsatira chinthu choyenda, mulunjike padiso.

Musaithamangitse. Onani komwe ikulowera ikamajompha m'mphepete mwa madzi, kagoneni kutsogolo kwake, mukhale phee. Imabwera yokha. Common sandpiper amagwedeza mchira mosalekeza, choncho jambulani zingapo motsatizana, chimodzi chigwira. Mbalame ikamalira mokuzungulirani, kapena ikamadzikoka ngati yathyoka phiko, ndiye kuti mwayandikira mazira, poti zina zimaikira pamchenga penipeni. Chokanipo msanga.

Lenzi ya 300mm kapena 400mm ndiyo yoyenera. Muli ndi foni yokha? Musakoke zoom, imangowononga. Jambulani mbalameyo pamodzi ndi bwato ndi mitambo yakudayo, chikhale chithunzi cha malo.

M'mabango musalowemo: muli likodzo, ndipo malo ena kuli ng'ona ndi mvuu, funsani asodzi. Tengani jumbo yophimbira kamera mvula ikawaza, ndipo lenzi musasinthire pagombe. Mukafika kunyumba, uzirani kaye mchenga uchoke musanapukute galasi, apo ayi mulikanda.