Mawanga oyera pakhungu: momwe mungazindikirire vitiligo ndi kupeza chithandizo

Kawirikawiri amayamba ndi kadontho kamodzi pachala, pakona ya mlomo kapena pachikope. Kamakhala koyera mbuu, kosapweteka. Pakapita miyezi kamakula, kenako kena kamatulukira pamalo omwewo kumbali ina ya thupi. Amenewa ndi matenda a vitiligo. Amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100 alionse padziko, ndipo pafupifupi theka la iwo amayamba kuona mawangawa asanakwanitse zaka 20.

Gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi. M'malo molimbana ndi tizilombo, chimasokonekera n'kuyamba kupha maselo opanga mtundu wa khungu, otchedwa melanocytes, ndipo pomwe atha khungu limayera. Matendawa sapatsirana. Mutha kudyera mbale imodzi ndi wodwalayo, kumukumbatira, kugona naye pabedi limodzi, simungatenge kanthu. Ndatsindika izi chifukwa chimene chimawawa kwambiri anthu a vitiligo ndi kusalidwa.

Choyamba, siyanitsani ndi matenda ena. Tengani kathonje, wodwalayo atsinzine, mukhudze pakati pa banga kenako pakhungu labwino. Banga la vitiligo limamva monga mwa masiku onse, koma la khate limachita dzanzi, ndipo likatero pitani kuchipatala msanga, poti khate lili ndi mankhwala ochiza. Zikanga zimatulutsa timamba mukazikanda ndipo siziyera kotheratu. Chialubino munthu amabadwa nacho, pamene vitiligo amabwera pambuyo.

Kenako jambulani mawangawo ndi foni mwezi ndi mwezi, pamalo owala mofanana, mutaika rula pambali. Dokotala adzafuna kudziwa ngati akufalikirabe kapena aima, ndipo zithunzi zimanena zoona kuposa kukumbukira.

Kuchipatala, katswiri wa khungu amaunika ndi nyali yapadera yotchedwa Wood's lamp, yomwe imaonetsa ngakhale mawanga omwe maso sanawaone. Funsaninso za kuyezetsa magazi, chifukwa vitiligo nthawi zina amayendera limodzi ndi vuto la chithokomiro kapena shuga wa mtundu woyamba.

Pa mawanga ochepa, dokotala amayambira mankhwala opaka a steroid monga betamethasone kapena clobetasol. Amathandiza, koma ndi amphamvu: mukawapaka nthawi yaitali osapumira, khungu limapyapyala n'kuyamba mizere. Musawagule mwa inu nokha, ndipo masiku amene mwauzidwa akakwana, lekani. Kumaso ndi m'khosi, komwe khungu ndi lofewa, madokotala amakonda kupereka mankhwala ena opaka otchedwa tacrolimus. Mawanga akakhala ambiri pali chithandizo cha kuwala kwa narrowband UVB, komwe munthu amaima m'makina apadera kawiri kapena katatu pa sabata kwa miyezi ingapo. Mu 2022 bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linavomereza mafuta a ruxolitinib kwa odwala a zaka 12 kupita m'tsogolo. Ngati mawanga aima kwa chaka osakula, madokotala amatha kutenga kachikopa kapena maselo pamalo abwino n'kukabzala poyera paja.

Nkhope imamva mankhwala msanga, koma zala, mapazi ndi milomo zimavuta kwambiri, ndipo mtundu ukabwerera utha kuthawanso. Ndi chifukwa chake ndimadandaula ndikaona anthu akuguliratu mankhwala olonjeza kuchiza pa sabata ziwiri. Ena sasankha chithandizo chilichonse, ena amangophimba ndi zodzoladzola, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Winnie Harlow wa ku Canada watchuka padziko lonse pa ntchito yoonetsa zovala ali ndi mawanga ake poyera.

Tsiku ndi tsiku tetezani khungu ku dzuwa, poti poyera paja pamapsa msanga. Pakani mafuta oteteza a SPF 30 kapena kuposa (nambala yosonyeza mphamvu yotchingira dzuwa, yolembedwa pabotolo), valani chipewa ndi malaya a manja aatali. Pewani kudzicheka, kudinda tatuu ndi kukanda, chifukwa pabala pamatha kubadwa banga latsopano. Mafuta oyeretsa khungu muwataye.

Mukayamba chithandizo, pirirani miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi musananene kuti chakanika. Yang'anani bangalo pafupi pamalo owala. Mtundu umayamba kubwerera ngati timadontho takuda tozungulira tsitsi lililonse, chifukwa maselo opulumuka amabisala m'mizu ya tsitsi. Timadonthoto timakula pang'onopang'ono mpaka kukumana.