Mmene tinathetsera vuto la ngongole pa banki mkhonde yathu

Pa banki mkhonde yathu ku Santhe, m'boma la Kasungu, ngongole zinkachedwa kubwezedwa chonsecho aliyense ankavomera tsiku pamsonkhano. Monga mlembi, ndinayamba kupenyetsetsa anthu akamayankha. Kuwerama sindinakuwerengere, poti kwathu kuno kusayang'ana munthu m'maso ndi ulemu. Chinkaulula ndi liwu. Mayi ankayamba wakhala duu, kenako n'kuvomera motsitsa, uku zala zikupotokola nsonga ya chitenje.

Katswiri wa za maganizo Albert Mehrabian anapeza mu 1967 kuti munthu akamanena zakukhosi, mawu ake n'kumatsutsana ndi nkhope komanso kamvekedwe ka liwu, omvera amakhulupirira nkhope ndi liwulo.

Ndiye ndinasiya mpando n'kumakhala nawo pamkeka. Funso loti "Mubweza Lachisanu?" ndinalichotsa, chifukwa pagulu angakane ndani? Tsopano ndimatengera munthu pambali n'kufunsa kuti, "Amayi, mwezi uno mungakwanitse zingati?" Ndikatero ndimatseka pakamwa, ayankhe yekha ngakhale achedwe bwanji.

Mmodzi anandiuza kuti akudikira agulitse soya mu Meyi. Gulu linamusunthira tsiku, ndipo anabweza zonse, ndi chiwongoladzanja chomwe.