Mwana akutsamwa kapena kubweza mkaka poyamwa? Nazi zomwe ndimachita

Mwana wanga wachiwiri ankabweza mkaka moti malaya anga onse anali ndi chidindo choyera paphewa. Kusikelo namwino anamuyeza, anaona kuti mzere wa m'buku lake ukukwera bwinobwino, nkundiuza kuti, "Mayi, uyu alibe vuto, vuto lili ndi inu ochapanu." Ankanena zoona. Makanda ambiri amabweza mkaka chifukwa kamnofu kotseka pakhomo pa chifu kamakhala kasanakhwime. Zimafika pachimake mwana akamakwanitsa miyezi 4, ndipo ambiri amasiya asanathe chaka. Kutsamwa ndiye nkhani ina, ndipo kumeneko ndinapsa nako ndekha.

1. Musadikire kuti alire

Mwana akayamba kutembenuza mutu uku ndi uku, kunyambita milomo kapena kuyamwa chibakera chake, nthawi yakwana. Mukadikira mpaka alire mosweka mtima, amafikira bere mwaphuma ndipo amameza mpweya wambiri. Mpweya umenewo pobwerera umabwera ndi mkaka. Kumbukiraninso kuti kachifu ka khanda la tsiku limodzi kamangolowa mkaka wokwana supuni yaing'ono imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ndi bwino kuyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi kusiyana ndi kumukhutitsa kamodzi.

2. Mutu pamwamba, mimba pansi

Za kagwiridwe ka mwana sindichulukitsa, anamwino amaphunzitsa kale. Chachikulu nchakuti mutu ukhale pamwamba kuposa mimba, khutu, phewa ndi chiuno zikhale pamzere umodzi, chibwano chigunde bere, ndipo kukamwa kulowe mbali yaikulu ya chakuda chija, osati nsonga yokha. Mukamva kaphokoso ka "tcha, tcha" ndiye kuti sanagwire bwino. Lowetsani kachala koyera pakona ya kamwa, mumuchotse, muyambirenso.

Amayi ena mkaka umachita kuthamanga, makamaka m'mawa mawere akadzadza. Mwana amayamwa kawiri katatu kenako nkusiya bere akutsokomola, mkaka uli tsaa kumaso kwake. Zikatero finyirani pang'ono m'kapu musanamuike, kenako tsamirani chambuyo pampando kapena pakhoma, mwana agone pachifuwa panu. Mkaka ukamakwera chitunda suthamanga kwambiri.

3. Botolo: apa mpomwe ndinalakwitsa

Tchuthi changa cha uchembere chitatha ndinabwerera kuntchito mwana ali ndi miyezi iwiri yokha. Ndinkafinya mkaka m'mawa nkusiyira apongozi. Namwino anali atandiuza kuti kapu yaing'ono ndi yabwino kuposa botolo, chifukwa sivuta kutsuka ndipo mwana sasokonezeka pobwerera kubere. Ine ndinaona ngati nzachikale. Ndinalowa m'famase, nditaona mtengo wa botolo ndinatuluka mwakachetechete, nkukagula kwa mnyamata wina wa pabenchi mumsika. Anandigulitsa awiri pamtengo wosafika ndi theka la limodzi la m'famase lija, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti ndine mayi wodziwa kusunga ndalama.

Timphira ta pakamwa pa mabotolo amenewo tinalibe nambala kapena chilembo chilichonse. Kamodzi kanali kothina, mwana ankakoka mpaka thukuta pamphumi osapeza kanthu. Loweruka lina ndili pakhomo, tinagwirizana ndi apongozi kuti tikulitse kabowoko. Iwo anatenthetsa singano pambaula, ine ndinagwira kamphirako. Sindingawanamizire, nzeru inali ya tonse awiri.

Ndinamugoneka mwana pamiyendo, pafupifupi chagada, nkuimika botolo. Anameza katatu. Kachinayi maso anatuzuka, mkaka unatulukira m'mphuno, ndipo sanalire. Kusalira kumeneko ndi kumene sindidzaiwala. Apongozi anayamba kumuuzira paliwombo akuti, "Mutembenuzeni, amake mwana, mutembenuzeni!" Ndinamutembenuza chafufumimba pamkono panga, ndinamumenya pamsana kawiri, anatsokomola, kenako kulira kunabwera. Ndinakhala pansi pasimenti miyendo ili njenjenje.

Ndiye mverani. Kabowo musakulitse, kaya ndi singano, kaya ndi lezala. Musanamwetse, tembenuzani botolo mozondotsa: mkaka uzidontha kadontho kamodzikamodzi. Ukamatsika ngati ulusi, kamphirako nkotaya. Timphira tabwino timalembedwa msinkhu wa mwana, ndipo khanda limafuna kothina kwambiri, kaja kolembedwa 0 kapena 1. Ta pabenchi tina timamata m'manja mukangotiwiritsa kawiri, tina timang'ambika pansonga osaoneka. Kakokeni ndi zala tsiku lililonse muone. Ngati ndalama yavuta, gulani kamphira kamodzi kenikeni m'malo mwa mabotolo awiri achinyengo.

Pomwetsa, mwana akhale chokhala pang'ono, mutu mutauchirikiza. Botolo lisaime chilili, likhale chopingasa, longopendekeka mokwanira kuti kunsonga kukhale mkaka. Akameza kangapo litsitseni apume. Akatembenuza mutu, wakhuta, musamukakamize kuti amalize poti mkaka wa m'chitini ndi wodula. Ndipo chonde, uzani aliyense wotsala ndi mwana kuti botolo silitsamiritsidwa pa pilo mwana nkumusiya yekha kuti iye akachape.

Ife tinathera pa kapu yomwe ija ndinkaikana. Kapu imangogunda mlomo wam'munsi, mkaka ufike m'mphepete, mwana azimwa yekha ngati kamphaka. Osathira m'kamwa.

Mwana akatsamwa koma akutsokomola kapena kulira, mpweya ukudutsa. Mukhazikeni tsonga, muweramitseni pang'ono kutsogolo, mumusiye atsokomole. Akakhala chete, akulephera kupuma, milomo ikusintha mtundu, mugonekeni chafufumimba pamkono panu, mutu ukhale m'munsi kuposa chifuwa, dzanja ligwire nsagwada. Menyani ndi tsinde la chikhatho pakati pa mapewa mpaka kasanu. Zikakanika mutembenuzeni chagada, mudinikize pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri mpaka kasanu, nkubwerezanso, wina akuthamangira galimoto kapena njinga. Musamugwedeze, musamuzondotse pogwira miyendo, musapise chala kukhosi. Kuuzira paliwombo sikuchotsa kanthu, ngakhale apongozi mpaka lero amati ndi iwo anamupulumutsa.

4. Kugeyetsa

Mukamasintha bere, kapena botolo likafika pakati, muikeni paphewa nkumusisita kapena kumugunda pang'onopang'ono pamsana. Ena amageya msanga mukawakhazika pantchafu mutagwira chibwano. Pakatha mphindi zochepa osageya, musalimbane naye. Yalani kathewera paphewa.

5. Akamaliza

Mugwireni choimirira kwa mphindi 20 mpaka 30. Iyi si nthawi yoti bambo ake azimuponya m'mwamba. Kumubereka kumbuyo nthawi yomweyo, chitenje mutamanga kolimba, kumafinya mimba, ndipo mudzamva kutentha kukutsika pamsana. Thewera nalonso lisathine. Ngati lanyowa, sinthani asanayamwe.

Pogona, agone chagada pamalo osawirira, popanda pilo. Ambiri amaopa kuti akabweza ali chagada atsamwa, koma mwana wathanzi amameza kapena kutsokomola yekha, ndipo kugona chafufumimba ndi kumene kumaonjezera ngozi yoti khanda lifere kutulo.

6. Zina mwachidule

Musathire ufa kapena phala mumkaka kuti "ukhazikike m'mimba". Mpaka miyezi 6 mwana amafuna mkaka wa m'mawere wokha, ngakhale madzi ayi. Ngati mukugwiritsa ntchito wa m'chitini, yambani kuthira madzi kenako ufa, muyezo wake womwe walembedwa pachitinipo. Timabotolo ta mankhwala a m'mimba togulitsidwa padzuwa m'misika tisiyeni komweko. Utsi wa fodya ukhale kutali.

7. Nthawi yothamangira kuchipatala

Masanzi obiriwira kapena achikasu, masanzi a magazi, kusanza kochita kuthovoka patali nthawi iliyonse akayamwa makamaka mwana wa masabata 2 mpaka 8, mimba yotupa, kukana bere, kutentha thupi, kufooka, liwombo kulowa, matewera onyowa osafika 6 patsiku, sikelo yosakwera, kapena kupuma movutikira ndi kutsokomola kosatha pambuyo potsamwa. Mwana amene mwachita kumumenya pamsana kapena kumudinikiza pachifuwa akaonedwe ndithu tsiku lomwelo ngakhale akuseka. Pa mafunso ang'onoang'ono imbani foni ku Chipatala Cha Pa Foni, kapena funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Buku la kusikelo lizikhala m'chikwama.