Mukamapita ndi ana anu kukaona ana amasiye

Azimayi anzanga a ku tchalitchi kuno ku Lusaka, Khirisimasi isanafike ndati ndikuuzeniko zomwe ndaphunzira. Musanagule kanthu imbani kaye foni kwa amene akusamala anawo muwafunse chomwe chasowa, chifukwa ife timathamangira mabisiketi ndi maswiti pomwe iwo akulira thumba la ufa la 25kg, sopo, Vaseline, mapadi a atsikana ndi nsapato za kusukulu. Sukulu za boma zinakhala zaulere kuyambira 2022 inde, koma yunifolomu ndi makope ndi ndalama ndithu.

Komanso musaiwale kuti ana amasiye ambiri sali ku malo osungirako ana ayi, ali ndi agogo awo ku Kanyama, Chawama, Mtendere, mwina nyumba yachitatu kuchoka panu. Yambirani pomwepo.

Ana anga ndimawapatsa kabotolo aziponyamo K2 kapena K5 pa ndalama yawo ya bureki, ikadzaza timapita limodzi ku Soweto Market akasankhe okha zogula, ndiye mwana amamva kuti wapereka ndi iyeyo osati amayi. Madzulo timawerenga Yakobo 1:27 n'kupempherera anzawowo mmodzimmodzi, dzina ndi dzina.

Chonde chonde mafoni akhale m'chikwama. Kujambula mwana wa eni atanyamula ufa n'kumuika pa Facebook zimandiwawa mtima, naye ali ndi manyazi ngati wanu yemwe. Ndipo musalonjeze kuti tibweranso Loweruka ngati simubwera, anawa amadikira pageti tsiku lonse.