Mwanapiye wovulala wotsala yekha: yambani ndi kumutenthetsa

Mwezi wa Juni, mwera uli pachimake, mayi wina wa ku Khombedza anandiimitsa panjira kuti ndikaone mwanapiye wake. Kabawi anali atamunyamula m'mawa, ana n'kukuwa, iye n'kumugwetsa kuseri kwa nkhokwe. Anzake asanu anali atatha kale mmodzimmodzi, make n'kubwerera kwa atambala. Ndinamupeza ali m'mbale pakhonde pomwe mphepo imawomba. Anali atamwetsedwa madzi ndi supuni, pamsana atapakidwa phulusa. Balalo linali laling'ono ngati njere ya nyemba, loti likanapola m'masiku ochepa. Koma sanafike madzulo. Chinamupha ndi kuzizira, kuphatikizapo madzi aja amene analowera kolakwika.

Alimi anzanga, mwanapiye wa masiku ochepa satha kudzitenthetsa yekha. Ubweya umene amabadwa nawo susunga kutentha mokwanira, n'chifukwa chake thadzi limakhalira kumufungatira. Akavulala, thupi limazizira msanga kuposa kale. Ndiye musanaganize za bala, musanaganize za chakudya, ganizani za kutentha. M'sabata yoyamba amafuna malo otentha madigiri 32 mpaka 35, ndipo sabata iliyonse mumatsitsa ndi madigiri pafupifupi atatu kufikira atamera nthenga zokwanira, cha m'sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi. Wina anena kuti ku Salima n'kotentha kale. Inde, masana a mu Okutobala. Koma m'bandakucha wa mu Juni ndi Julaye, makamaka kwa inu a kunyanja ku Senga Bay ndi ku Chipoka, ndi nkhani ina.

Mukangomutola, mufumbateni m'manja kapena mumuike pachifuwa mkati mwa chovala pamene wina akukonza katoni. Pansi pa katoniyo yalani kansalu kouma, thaulo lakale ndiye labwino chifukwa mapazi amagwira. Nyuzipepala ndi pepala lapulasitiki ayi, zimaterera ndipo zimatagaza miyendo. Thirani madzi otentha m'botolo, litsekeni mwamphamvu, likulungeni ndi nsalu kapena sokosi n'kuliika mbali imodzi ya katoni. Ndati mbali imodzi, kuti kukamutenthera athe kusendera kwina. Ngati sangathe kuyenda, muziyesa botololo patsaya lanu. Chimene chikuotcha inu chimuwotcha iye. Madzi amazizira pakapita maola atatu kapena anayi, choncho usiku mudzukako kamodzi kapena kawiri. Katoni muibowole timabowo ta mpweya. Mbaula m'chipinda chotseka musayerekeze: mpweya wa makala umapha mwanapiye, umaphanso anthu.

Choyezera kutentha simuchifuna, mwanapiye mwini wake amanena. Akamalira mokweza osalekeza atadzipanikiza pabotolo, akuzizidwa. Akathawira pakona, kukamwa yasa, mapiko atatambasula, kwatentha. Akamagona phee n'kumalira motsitsa, mwakhoza.

Pali mwambo umene ambirife tinakula tikuuona, wovundikira mwanapiye wokomoka ndi mbale kapena beseni n'kumaligogoda kuti atsitsimuke. Nthawi zina amadzukadi, koma ndi mantha chabe, ndipo amene wathyoka fupa kapena akutuluka magazi mukumuwonjezera mavuto. Mdima ndi bata ndiye zimathandiza, phokosolo lisiyeni.

Pakatha ola akutenthedwa, akayamba kudzutsa mutu, mupatseni madzi. Sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya shuga m'kapu ya madzi owiritsa ofunda. Viikani nsonga ya mlomo wake m'madzimo, kenaka mumusiye akweze mutu ameze yekha. Akakhala wofooka kwambiri, dontho limodzi pambali pa mlomo ndi lokwanira, mubwereze pakapita mphindi 15 kapena 20. Osamukanula kukamwa n'kuthiramo. Khomo la njira ya mpweya ya nkhuku lili kumbuyo kwa lilime penipeni, madzi othira mokakamiza amathamangira m'mapapo. Madzi a shugawa ndi a tsiku limodzi kapena awiri basi, kenaka abwerere ku madzi wamba. Momwera mukhale mosazama, monga chivundikiro cha botolo la jamu, muikemo timiyala kuti asagweremo n'kunyowa.

Tsopano bala. Sambani m'manja, muwiritse theka la lita ya madzi, muthiremo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, muwasiye afike pofunda. Ndi thonje kapena kansalu koyera tsukani balalo pang'onopang'ono, muchotse dothi ndi ubweya umene wamatirira. Musamusambitse thupi lonse. Magazi akamatuluka, dinani pamenepo ndi kansalu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mukaumitsa pakani ayodini wosungunula kapena GV uja wa mtundu wa papo amene amapezeka m'mafamase. GV ndimamukonda chifukwa amabisa kufiira, pakuti nkhuku zikaona pofiira zimajompha. Phulusa, oyilo wakuda wa galimoto, parafini ndi mankhwala otsukira mano sizopaka pabala. Panado ndi makapisozi otsala a anthu musamumwetse. Kathupi kolemera ngati dzira n'kovuta kukayezera mlingo. Nyengo yotentha ntchentche ndi mdani wamkulu, zimaikira mazira pabala ndipo tsiku limodzi mupeza mphutsi. Vundikirani katoni ndi kachidutswa ka ukonde kapena nsalu yopyapyala, muziliona balalo m'mawa ndi madzulo. Loluma mphaka kapena khoswe limanyenga, kunja kabowo kakang'ono pamene mkati mwaola. Likatupa kapena kuyamba kununkha, pitani kwa mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) akakuuzeni mankhwala ndi mlingo wake.

Za miyendo zili pawiri. Pali mwanapiye amene miyendo yatagaza, umodzi uku wina uku, osatha kuima. Ameneyo dulani kapulasitala kopyapyala, muzengereze pamwendo uliwonse pamwamba pa phazi, pakati musiye mpata wa masentimita awiri ndi theka kapena atatu kuti miyendo iime monga imaimira mwachibadwa. Muzimasula tsiku lililonse kuona ngati akuima, ambiri amawongoka m'masiku atatu mpaka asanu mukayamba msanga. Wothyoka m'munsi mwa mwendo, kumene kulibe nthenga, muwongoleni mwachifatse, muike kamtengo ka machesi kochotsa mutu kapena kachidutswa ka tsekera kokulunga ndi thonje, mumange ndi pulasitala. Zala zikatupa kapena kuda, mwamanga kwambiri. Mafupa a anapiye amalumikizana msanga, masabata awiri kapena atatu, koma poti akukula tsiku ndi tsiku, chomangiracho muzisintha pakapita masiku atatu.

Ndinene poyera kuti si onse opulumuka. Amene matumbo atuluka, kapena msana wathyoka moti miyendo yonse siikumva kanthu, kumusunga n'kumuzunza chabe.

Chakudya musachite nacho phuma. Wongoswedwa kumene amakhala ndi mbali yachikasu ya dzira m'mimba imene imamusunga masiku awiri kapena atatu, ndipo wozizidwa sagaya chakudya. Akatsitsimuka, yambani ndi dzira lowiritsa lonyenyanyenya. Wokhala ndi ndalama agule chakudya cha anapiye chotchedwa chick starter pang'ono m'sitolo za zipangizo zaulimi pa Kamuzu Road ku Salima, ena amagulitsa moyeza. Apo ayi, kuno tili ndi mwayi wa nyanja. Sakanizani magawo atatu a mgaiwa ndi gawo limodzi la usipa wouma wosinja pamodzi ndi soya wokazinga. Usipawo ukhale wopanda mchere, soya wamuwisi ayi chifukwa amalepheretsa kugaya chakudya. Chiswe ndi ndiwo yabwino kwambiri, onjezeraninso masamba a chammwamba odula tinthu ting'onoting'ono ndi kamchenga kokhakhala kothandiza nthutumba kupera. Nyenyeswa za nsima kapena mpunga zokha zimakhutitsa koma sizipoletsa bala, sizimeretsa nthenga. Chimanga ndi mtedza wa chuku, umene timakonda kunena kuti "n'za nkhuku izo", ndi poizoni kwa mwanapiye. Mukanyowetsa chakudya, konzani chongokwana nthawi imodzi, ndi kutentha kwathu kuno chimasasa msanga.

Wopanda make sadziwa kuti chakudya ndi chiti. Gogodani ndi chala pamene mwamwaza chakudyacho, monga limachitira thadzi ndi mlomo, muona akubwera kudzatola. Madzulo mugwireni m'munsi mwa khosi chakumanja. Kathumba kofikira chakudya kakhale kodzaza, m'mawa kakhale kataphwa. Muzionanso kumbuyo kwake. Chitosi chikauma n'kutseka potulukira amafa, ndiye chinyowetseni ndi madzi ofunda mpaka chifewe, osachimatula chouma.

Kusungulumwa nakonso kumamudya. Nkhuku ndi nyama ya m'gulu, ndipo mwanapiye wokhala yekha amatha kulira tsiku lonse mpaka kuleka kudya. Muikireni chipewa chaubweya chakale choti azilowamo ngati kunsi kwa make, ndi kagalasi kodziyang'anira m'mbali mwa katoni. Amakhala pafupi nako n'kumayesa mnzake. Katoniyo ikhale pamene akumva mawu a anthu, koma pamwamba, kutali ndi mphaka ndi makoswe. Phulusa lija ntchito yake ndi ino: liwazeni mozungulira miyendo ya tebulo kuti linthumbu lisakwere. Ana amakonda kumunyamulanyamula, auzeni kuti wodwala sasewera naye, ndipo aliyense womugwira asambe m'manja ndi sopo chifukwa chitosi cha nkhuku chimatha kutsegulitsa m'mimba. Bala likauma, m'pezereni mnzake wa msinkhu wake. Pamenepo pansi mutha kuyala mankhusu a mpunga, amene sasowa kwa a ku Lifuwu ndi kulikonse kuli chigayo cha mpunga. Muzimutulutsanso padzuwa la m'mawa atavundikiridwa ndi dengu.

Chinthu chimodzi ndimafunsa nthawi zonse: anzake aja anatha bwanji? Ngati ndi kabawi, khwangwala kapena likongwe, palibe nkhawa. Koma ngati ankazyolika, kutsegula chitosi chobiriwira, kupuma movutika kapena kupinda khosi, chimenecho chikhoza kukhala chideru, chimene ena amati chitopa, ndipo wotsalayu asayandikire nkhuku zina. Chideru chilibe mankhwala. Chitetezo ndi katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, kwa nkhuku za msinkhu uliwonse. Wodwala kapena wofooka satemeredwa, dikirani achire.

Ngati make akadali ndi anapiye ena ndipo sipanadutse masiku ambiri, mubwezereni usiku, mumulowetse kunsi kwa phiko mwakachetechete, m'mawa mudzuke msanga kukaona ngati sakumujompha. Akamukana, mlereni nokha mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Pomuphatikiza ndi zinzake, yambani mwamuika m'dengu pabwalo kwa masiku atatu kapena anayi kuti zizimuona osamufikira, ndipo tsiku lomumasula mwazani chakudya malo awiri otalikirana.